Kakitasi akafota kuno ku Dedza, musathamangire madzi

Kakitasi wanga woyamba anandifera mu Febuluwale, wachiwiri mu Julaye. Onse awiri anafa akadali obiriwira, ndipo onse ndinawapha ndekha ndi kapu ya madzi, mumtima ndikuti ndikuwapulumutsa. Wa mu Febuluwale uja ndinangomukhudza ndi chala m'mawa, thupi lonse n'kuzuka kusiya mizu mumphika. Kunsi kwake kunali phala lokhalokha, fungo ngati mbatatesi yowolera m'thumba. Pamwamba anali wosalala bwinobwino, chikomekome cha mkuyu.

Ndikunena za Astrophytum asterias, kakitasi wopanda minga, wophwatalala ngati chitumbuwa, wogawika zigawo 8 ngati nachesi wosenda, thupi lonse timadontho toyera. Wokula kwambiri sapitirira masentimita 15 m'lifupi, ndipo ambiri amene timasunga m'miphika amachepa kuposa chivindikiro cha botolo la chiponde. Kwawo ndi ku Tamaulipas, kumpoto chakum'mawa kwa Mexico, ndi kachigawo kochepa kum'mwera kwa Texas pafupi ndi mtsinje wa Rio Grande. Zimene ndilembe pano zikukhudzanso anzake ang'onoang'ono a ku Mexico komweko, monga Ariocarpus, Turbinicarpus ndi Aztekium ritteri; womalizayu amamera pamatherezi a miyala ndipo amakula mochedwa moti chaka chimatha osaona kusintha. Awa si nkhadze ya kumpanda ija, yoti mukadula nthambi n'kuiponya pansi imaphuka yokha. Nkhadze si kakitasi n'komwe, ili m'banja lina, ndipo utomoni wake woyera uja akakitasi amene ndatchulawa alibe.

Vuto limene limabwerezabwereza kwa ife ndi limodzi: chomera chimafota, mwini wake n'kuthirira, chomera n'kuwola. Kufotako ndi koona. Cholakwika ndi kuganiza kuti kufota kulikonse ndi ludzu.

Chimene chamufotetsa n'chiyani?

Yambani mwayang'ana mwezi. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene chifunga chimatsika m'phiri la Dedza n'kukuta tauni, kakitasi uyu amagona. Amaphwa, nakwinyika pang'ono, nadzikokera pansi mpaka kutsala pang'ono kulingana ndi dothi. Kwawonso amachita chimodzimodzi nyengo yachilimwe, kudzibisa m'nthaka kuti dzuwa ndi nyama zisamupeze. Nthawi imeneyi mizu yake siyamwa. Madzi amene mungathire amangokhala mumphika, ozizira, masiku ambiri, ndipo tizilombo ta nkhungu toyambitsa kuwola timapeza pogona. Tauni yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, usiku wa mu Juni kumazizira mpaka m'mafupa, ndipo kumadambo nthawi zina chisanu chimawaula masamba. Kakitasi wouma amapirira kuzizira kotere popanda vuto. Wonyowa sapirira. Wanga wa mu Julaye anafa choncho.

Ndiye mukaona wafota m'miyezi yozizira, mudineni pang'ono cham'mbali. Ngati ndi wolimba ngati lalanje laliwisi, ndipo mukamugwedeza akugwira dothi osasuntha, msiyeni. Adzadzuka yekha.

Kufota koopsa ndi kumene kumabwera nthawi yotentha, pamene mwakhala mukuthirira koma chomeracho sichikufufuma. Kakitasi wa mizu yamoyo mukamumwetsa mu Okutobala amadzaza pasanathe sabata, makwinya n'kutha. Ngati mwathirira, papita masiku 7 kapena 10 iye akadali wokwinyika, dothi likadali lonyowa, ndiye kuti mizu inafa kale. Akufota chifukwa alibe chomwera, osati chifukwa madzi kulibe. Apa ndi pamene ambiri timathira kapu yachiwiri. Musatero. Mzuleni, muone.

Kuzula sikumupha. Anthu amaopa, koma kakitasi atha kukhala pathebulo mizu ili pamtunda milungu ingapo osamva kanthu. Gogodani mphika m'mbali, mupendeke, mumulandire m'dzanja, mukutumule dothi ndi kamtengo. Mizu yabwino ndi yoyerera kapena yotuwa, yolimba. Yakufa ndi yakuda, yofewa, kapena youma ngati ulusi wa chiguduli, ndipo khungu lake limavuka mukaikoka. Nunkhizaninso. Mphuno imadziwa kuwola maso asanaone.

Nthawi zina mupeza mizu siinawole, koma yakutidwa ndi ufa woyera ngati wina anawazamo ufa wa kondowole, ndipo khoma la mphika mkati lili ndi mawanga oyera omwewo. Amenewo ndi abale a kodikodi wa m'chinangwa, okhala m'nthaka. Amayamwa mizu mwakachetechete, ndipo mabala amene amasiya ndiwo khomo la kuwola. Nyerere zikamalowa ndi kutuluka pachibowo cha mphika, kayikirani amenewa, chifukwa nyerere zimawaweta kuti zizidya timadzi totsekemera timene amatulutsa. Tayani dothi lonse kutali ndi miphika ina. Tsukani mizu ndi madzi a sopo pogwiritsa ntchito mswachi wakale, mutsukuluze, muyanike pamthunzi sabata yathunthu. Mphika muuthire madzi owira. Kodikodi wa pamwamba, amene amabisala m'mizere ya thupi ngati tinthu tathonje, mumuchotse ndi thonje loviika mu sipiliti. Pa asterias samalani, chifukwa iye ali ndi tinthu taubweya take tachibadwa pakati pa chigawo chilichonse, tondandalika mumzere. Tachibadwa timakhala pamalo pake. Kodikodi amakhala paliponse ndipo mukamutswanya amatulutsa timadzi.

Kuwola kukayamba

Musasokoneze kuwola ndi ukalamba. Kakitasi akamakula, kunsi kwake kumachita khungu lofiirira, louma, lolimba ngati khungwa. Limenelo si vuto. Kuwola kumakhala kofewa, konyowa, kwachikasu kapena kwakuda, ndipo kumakwera msanga. Pamene munaona dzulo si pamene pali lero.

Alimi a mbatatesi ku Bembeke ndi ku Tsangano amadziwa mmene chiwawu chimathera munda m'masiku ochepa mvula ikalimbikira. Tina mwa tizilombo towoletsa kakitasi ndi tam'banja limodzi ndi tachiwawuto, ndipo khalidwe lake ndi lomwelo. Nchifukwa chake mnzanga wina atangomva za vuto langa anandibweretsera Dithane. Mankhwalawa amateteza kunja kwa chomera matenda asanalowe. Kuwola kukalowa m'kati, ngakhale mupopere kangati, sabweza kanthu. Chotsala ndi mpeni.

Tengani lezala latsopano, sipiliti ndi thonje. Dulani mizu yonse yakufa. Ngati kuwola kwafika m'thupi, dulani mopingasa kuchokera pansi, kachidutswa kopyapyala nthawi imodzi, ndipo mupukute lezala ndi sipiliti mukadula kulikonse, apo ayi mukusamutsa matenda nokha kuwapititsa pabwino. Mukadula yang'anani pabalapo. Pakati pa kakitasi pali kamkombero, njira imene madzi amakwerera. Ngati pakamkomberopo pali timadontho tofiirira kapena tachikasu, matenda akadalipo ngakhale mnofu wonse ukuoneka woyera. Dulaninso. Musamve chisoni ndi kachidutswa kamodzi, ine chisoni chimenecho chinandiluzitsa chomera chonse. Pitirizani mpaka bala likhale loyera lonse, lopanda kadontho.

Ndinene zoona: pa asterias mwayi ndi wochepa. Ndi wophwatalala, ndiye podula mpochepa. Mukangodula kawiri katatu mwafika pamutu. Kuwola kukafika pakati pamutu, pamene amakulira, basi watha, ndipo kawirikawiri satulutsa ana m'mbali oti mungapulumutse. Turbinicarpus amapatsako mpata chifukwa ena amakhala ataliatali. Ariocarpus ali ndi muzu waukulu ngati karoti, ndipo nthawi zina kuwola kumathera m'muzumo thupi likadali labwino.

Mukapeza poyera, wazani ufa wa salufa pabala ngati muli nawo. Ngati mulibe, mphepo yokha imakwanira. Muikeni chagada pamalo ouma, a mthunzi, opita mphepo, mpaka bala liume gwa ngati chipsera. Bala laling'ono limatenga sabata imodzi, lalikulu milungu itatu kapena kupitirira, makamaka nthawi ya mvula pamene ngakhale zovala pachingwe siziuma. Kenako mukhazikeni pamwamba pa timiyala touma, osamukwirira. Musathirire. Mizu yatsopano imatuluka yokha kufunafuna chinyezi, ndipo itha kutenga mwezi kapena iwiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Muzimunyamula kamodzi pa milungu iwiri kuti muone, osati tsiku lililonse. Timizu toyera tikaoneka, yambani ndi madzi ochepa m'mbali mwa mphika.

Pali njira ina yopulumutsira mutu wotsala, yomezanitsa pa kakitasi wina wamphamvu monga timachitira ndi mango. Mumadula onse awiri mosalala, n'kukhazika wodwalayo pamwamba moti timikombero tawo tikhudzane, n'kumanga ndi malabala masiku angapo. Ena ogulitsidwa amabwera atamezanitsidwa pa tsinde lamakona atatu la Hylocereus, chomera chobala zipatso zija akuti dragon fruit. Tsinde limenelo limadana ndi kuzizira, ndiye kuno ku Dedza kawirikawiri limayamba kuwola ndi ilo, wapamwamba akadali bwino. Mukaona tsinde lachita chikasu mu Juni, dulani wapamwambayo msanga.

Gwero lake lili mumphika

Mukapulumutsa chomera n'kuchibwezera m'dothi lomwe lija, mudzabweranso kuno chaka chamawa. Dothi limene timalikonda, lakuda la kudimba, lamanyowa a ng'ombe, lobereketsa kabichi wa ku Lizulu, ndi manda a kakitasi. Makande amasunga madzi ngati mtsuko. Katondo akauma amalimba ngati njerwa, akanyowa amamata. Ndipo msampha umene unandigwira ine ndi mchenga. Ndinamva kuti chomera cha m'chipululu chimafuna mchenga, ndiye ndinakatapa wopulasitalira nyumba, wosalala uja. Mchenga wosalala umatseka timipata tonse ta mpweya, ndipo pansi pake pamakhala ponyowa pamwamba pakuoneka pouma.

Chimene mizu iyi imafuna ndi timiyala tokhala ndi mipata. Ine ndimaphwanya njerwa zootcha bwino, zofiira zolira ngati chitsulo mukazigogoda, osati zosapsa zimene zimasungunuka zikanyowa. Ndimasefa kawiri: kuchotsa zikuluzikulu, kenako kuchotsa fumbi, kutsala tokula ngati mapira mpaka ngati nyemba zazing'ono, mamilimita 2 mpaka 5. Ndimatenganso mchenga wokhakhala wa mumtsinje kapena timiyala ta kwale, n'kutsuka mpaka madzi atayera. Muyezo wanga ndi makapu awiri a njerwa, awiri a timiyala, imodzi ya dothi la masamba owolerana la pansi pa mtengo, ndi kadzanja ka makala ophwanya. Dothi la masambalo ndimayamba ndalikazinga pachiwaya kuti mazira a tizilombo afe. Pa Ariocarpus ndi Aztekium ndimachepetsanso dothilo kufika theka la kapu. Poyesa, nyowetsani pang'ono n'kufumbata m'dzanja. Mukatambasula dzanja zimwazike. Zikagwirana ngati mbamu ya nsima, onjezani miyala.

Pakhosi pa chomera, pamene thupi limakumana ndi mizu, pasakhudze dothi. Zungulizani timiyala tokhatokha. Kuwola kwambiri kumayambira pamenepo.

Mphika ukhale waung'ono, wongotsala mpata wa chala chimodzi kuzungulira chomera. Mphika waukulu ndi dothi lambiri lopanda mizu yoliyamwa. Kuno kwathu miphika yokongola siisowa, aliyense wodutsa pa M1 amadziwa kuti Dedza ndi kwawo kwa zoumba, koma kumbukirani kuti mphika wopakidwa zonyezimira sutuluka thukuta, choncho umachedwa kuuma kusiyana ndi wadothi wamba woumba amayi kumudzi. Wonyezimirayo amatheka ndithu, bola timiyala tichuluke ndipo muzithirira patalipatali. Chosakambirana ndi chibowo pansi, chachikulu cholowa chala. Kuyala miyala pansi pa mphika wopanda chibowo sikuthandiza. Madzi amangokhala pomwepo kudikira mizu. Kambale kapansi muzikakhuthula mukangothirira. Ndipo mukangomuwokera mumphika watsopano, dikirani sabata musanathirire, timabala ta mizu tiyambe tapola.

Mvula, khonde, ndi anthu a pakhomo

Chodabwitsa n'chakuti nyengo yathu siikusiyana kwenikweni ndi ya kwawo: mvula nthawi yotentha, chilimwe nthawi yozizira. Miyezi yokha ndi imene yatembenuka, popeza Mexico ili kumpoto kwa dziko lapansi ife kum'mwera, ndiye malangizo olembedwa ku Ulaya kapena ku America onena kuti musiye kuthirira mu Novembala musawatsate monga alili. Novembala wawo ndi Meyi wathu. Kusiyana kwenikweni ndi kuchuluka kwa mvula. Ya mu Januwale ndi Febuluwale kuno imatha kugwa sabata yathunthu dzuwa osaoneka, mpweya n'kukhala wonyowa, makoma n'kuchita nkhungu. Mphika umene unkauma masiku atatu mu Okutobala umatenga milungu iwiri. Ndiye ngakhale ndi nthawi yake yokula, m'miyezi iwiriyi ndimathirira pokhapokha kukacha bwino masiku angapo otsatizana, ndipo chaka china mwezi wa Febuluwale umatha osathirako.

Musamuike pamvula. Pakhonde mpabwino, koma khalani pomwepo tsiku lina mvula yamphepo ikugwa, muone pamene mpemera ukufika. Yang'ananinso kumwamba: malata amachita thukuta usiku wozizira n'kumadontha m'mawa, ndipo dontho limodzi logwera pamutu pa asterias tsiku ndi tsiku ndi lokwanira, chifukwa pamutu pake mpolowa ngati kambale. Mphepo izipita. Akakitasi amatsegula timabowo topumira usiku osati masana, pofuna kusunga madzi, ndiye kuwatsekera m'kabati yagalasi kapena m'chipinda chosatsegula mawindo ndi kuwalakwira.

Tsono pali vuto lina limene mabuku satchula. Nditataya awiri aja ndinasiya kuthirira mwachisawawa, koma wachitatu dothi lake linkapezekabe lonyowa. Tsiku lina ndinadzuka m'mamawa n'kupeza mayi anga akukhuthulira madzi otsala m'ketulo mumphikamo.

"Amayi, kameneko sikamwa mwezi uno."

"Iwe, cholengedwa cha Mulungu chingakhale mwezi wonse osamwa? Ukukazunza kanthu aka. Taona kafota."

Ndinawafotokozera, anangoti "chabwino" mwa ulemu wa munthu amene sanakhutire. Mawa lake ndinakhoma kashelefu pamwamba, pamene safikira popanda mpando. Ngati pakhomo panu pali agogo achifundo, ana okonda kusewera ndi madzi, kapena wothandiza ntchito amene anauzidwa kuti maluwa onse azithiriridwa m'mawa uliwonse, muyambe mwathana ndi zimenezo musanayambe kukayikira dothi.

Feteleza ndingonena mwachidule: chitowe ndi yuriya ndi za chimanga. Zimamufufumitsa kakitasi msanga, khungu n'kung'ambika, mnofu n'kukhala wofewa wosachedwa kuwola. Ngati mukufuna kumudyetsa, tengani feteleza wosungunula m'madzi wa tomato kapena wa maluwa, muchepetse kanayi muyezo wolembedwa papaketi, kawiri pachaka basi, nthawi yotentha. Madzi abwino ndi a mvula osungidwa m'chigubu chotseka. A pamjigo ena amasiya zoyera ngati mchere pamwamba pa timiyala ndi m'mbali mwa mphika.

Zina zimene zimafanana ndi matenda

Chigamba choyera kapena chotuwa mbali imodzi yokha, chouma, chobwera mwadzidzidzi, ndi kupsa ndi dzuwa. Zimachitika kwambiri mu Okutobala, kapena mukachotsa chomera m'nyumba n'kuchiika poyera tsiku limodzi. Kuno dzuwa limadutsa pamutu penipeni chakumapeto kwa Okutobala ndiponso mu Febuluwale, ndipo pamtunda ngati pathu limaluma ngakhale kamphepo kakuzizira. Kwawo asterias amamera m'munsi mwa tizitsamba ndi udzu, osati pambalambanda. Mpatseni dzuwa la m'mawa mpaka cha m'ma 10 kapena 11, masana akhale pamthunzi wowala. Chidutswa cha neti yakale ya udzudzu chimatchinga bwino. Chipsera cha dzuwa sichichoka, koma chimatsikira pansi chomera chikamakula.

Akayamba kusongoka pamutu, kutuwa, kutalika ngati dzira m'malo mophwatalala, kuwala kwachepa. M'miyezi yozizira dzuwa limapendekera kumpoto, ndiye windo kapena khonde loyang'ana kumpoto ndi limene limapeza kuwala. Msunthireni pang'onopang'ono, masiku angapo, kuti asapse.

Dzimbiri lofiirira pamutu, pamnofu watsopano, nthawi yotentha ndi youma, kawirikawiri ndi akangaude ofiira omwe aja amavuta pa tomato. Ndi aang'ono moti muyenera galasi lokulitsa kuti muwaone. Miphika ikhale kutali ndi dimba la tomato. Nkhono ndi mbewa nazo zimamudya asterias popeza alibe minga. Mukapeza bala lokumbika m'mawa, lisiyeni liume, musathirire mpaka litapola, ndipo mukweze mphikawo.

Wina akafa n'kufuna kugula wina, funsani kumene wachokera. Asterias, Ariocarpus, Turbinicarpus ndi Aztekium ritteri ali pa mndandanda woyamba wa pangano la CITES loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, limene linasainidwa ku Washington mu 1973 ndipo Malawi ali nawo. Amenewa ndi mitundu imene malonda a zozulidwa kutchire ndi oletsedwa pakati pa mayiko, chifukwa kwawo yatsala pang'ono kutha, mwa zina kaamba ka anthu okonda kusonkhanitsa ngati ife. Wofesedwa kuchokera ku njere ndiye woyenera, ndiponso ndi amene amazolowera mphika. Njere za asterias zimamera m'masiku ochepa kukakhala kotentha, koma kuti mupeze njere zanuzanu pafunika zomera ziwiri zochita maluwa tsiku limodzi, popeza mmodzi sadzibereketsa yekha. Duwa lake ndi lachikasu, pakati pofiira, ndipo limatseguka masana dzuwa likawala. Ufa wa duwa mumausamutsa ndi kaburashi kapena nthenga ya nkhuku.

Wachitatu uja, wa pashelefu, akadalipo. Sindimuthirira kuyambira kumapeto kwa Epulo. Mu Seputembala ndimadikira usiku uyambe kufunda, mpaka nditasiya kufunda mabulangete awiri, ndipo ndimayang'ana pamutu pake ngati payamba kuoneka ubweya watsopano woyera. Pamenepo ndimamupatsa madzi ochepa m'mawa, m'mbali mwa mphika, ongodzutsa mizu. Pakapita sabata ndimathira okwanira mpaka atuluke pansi. Ndisanathirenso ndimabaya kamtengo kansungwi mpaka pansi pa mphika, n'kukasiya kanthawi. Kakatuluka kozizira kapena komata timchenga, ndimabweza kapu. Kakatuluka kouma, ndimadikirabe masiku ena atatu.